Philip Glass

Philip Glass, mmisiri wopeka nyimbo wa ku America, anabadwira ku Baltimore pa 31 Januwale 1937. Angakhale anasulidwa ku sukulu ya Juilliard, nakakhalanso pa mapazi a Nadia Boulanger ku Paris, kumene Ravi Shankar anamtsegula makutu pa mayimbidwe a ku India, pobwerera ku New York anadya za thukuta lake, nayendetsa takisi ndi kukonza mipope, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mbiri yake inabuka mu 1976 ndi opera ya Einstein on the Beach. Opera yake ina, Satyagraha, ya mu 1980, isimba za Gandhi ali ku South Africa. Nyimbo zake zimabwereza kachigawo kamodzi, kosinthika pang'onopang'ono, ndipo ziyenera munthu wosafulumira mtima.