Arthur Ashe: Katswiri wa Tenesi Amene Analimbana ndi Tsankho

Kwa mnyamata amene amathamangitsa mpira wachikulunga ku Mayani, tenesi ingaoneke ngati masewera a anthu olemera okhaokha. Umu ndi mmenenso anthu akuda ambiri a ku America ankaonera masewerawa pamene Arthur Ashe anabadwa mumzinda wa Richmond, m'chigawo cha Virginia, pa 10 Julaye 1943. Masiku amenewo malamulo atsankho sankalola mwana wakuda kupikisana ndi azungu m'mabwalo a mumzindawo.

Mayi ake anamwalira mu 1950. Bambo ake, omwe ankayang'anira malo osewerera a anthu akuda, anamulera ndi mwambo wokhwima. Kunena zoona m'mera mpoyamba, pakuti Dr Robert Walter Johnson, amene anasula luso la mnyamatayu, anamuphunzitsanso kuugwira mtima ngakhale pamene woyimbira wamukondera mnzake.

Luso limeneli linamutsegulira khomo la maphunziro aulere pa yunivesite ya California ku Los Angeles. Adakali wophunzira, mu 1963, anakhala munthu wakuda woyamba kusankhidwa m'timu ya dziko la America yolimbirana chikho cha Davis. Mu 1965 anapambana mpikisano wa mayunivesite onse a m'dzikomo. Komabe sanataye mabuku, ndipo mu 1966 analandira digiri ya kayendetsedwe ka bizinesi, kenaka n'kulowa usilikali.

Mu 1968 anagonjetsa Tom Okker n'kutenga chikho cha US Open. Popeza panthawiyo sanali m'gulu la osewera olipidwa, ndalama zamphoto zokwana madola 14,000 zinapita kwa wogonjayo. Atayamba tenesi monga ntchito, anapambana Australian Open mu 1970. Chipambano chake chachikulu chinadza mu 1975 ku Wimbledon. Ambiri ankati Jimmy Connors amukwapula mosavuta, koma Ashe anamusokoneza pomuponyera mipira yofewa ndi yotsika, Connors n'kusowa pogwira.

Nkhondo ina inali kunja kwa bwalo. Boma latsankho la South Africa linamukaniza kangapo chilolezo cholowera m'dzikomo. Litamulola mu 1973, iye anaumirira kuti oonerera akuda ndi azungu asakhale molekana. Ena mwa omenyera ufulu anamudzudzula kuti ulendowo ukuyeretsa boma loipa. Pambuyo pake iye anagwirizana ndi ofuna kuti dzikolo lisalidwe pamasewera, ndipo mu 1985 anamangidwa ku Washington pochita zionetsero zotsutsa tsankholo.

Matenda a mtima anamugwira mu 1979, ndipo anasiya kusewera mu 1980. Madokotala amakhulupirira kuti magazi amene anamuthira pa opaleshoni ya mu 1983 ndiwo anamupatsa kachirombo koyambitsa Edzi. Anadziwa zimenezi mu 1988 koma anasunga chinsinsi mpaka mu 1992, pamene anamva kuti nyuzipepala ina ikufuna kuulula. M'malo mobisala ndi manyazi, miyezi imene inamutsalira anaithera pophunzitsa anthu za matendawa. Anamwalira pa 6 Febuluwale 1993 ali ndi zaka 49.

Mu 1997 bwalo lalikulu lochitirapo US Open ku New York linatsegulidwa ndi dzina lake. Mwana amene ankamutsekera zipata ku Richmond ndiye amene dzina lake linalembedwa pachipata.