Kasamalidwe ka mabatire a LiPo oyendetsera ndege zing'onozing'ono

Ndege zing'onozing'ono zouluka popanda munthu m'katimo, zomwe ambiri amazitcha madroni, sizachilendonso m'dziko muno. M'chaka cha 2017 boma, mogwirizana ndi bungwe la UNICEF, linakhazikitsa malo oyeserako ndegezi ku Kasungu, ndipo lero ena akujambulira minda ndi maukwati, pomwe zina ndi zoseweretsa ana. Zambiri zimayendera mabatire a lithium polymer, omwe amalembedwa kuti LiPo. Mabatirewa ndi opepuka komanso amphamvu, koma alibe chikutiro cholimba. Ndi timatumba tofewa tomwe tikabooka, tikapindika kapena tikatchajidwa mopyola muyeso timatha kuyaka tokha.

Batire lililonse lili ndi zigawo zotchedwa maselo. Selo imodzi imalembedwa 3.7V, ikadzaza imafika 4.2V, ndipo siyenera kutsika kupyola 3.0V. Choncho batire lolembedwa 3S, la maselo atatu, limadzaza pa 12.6V. Ngozi zambiri zimayamba potchaja, selo imodzi ikadzaza msanga zinzake zisanadzaze. N'chifukwa chake pamafunika tchaja yopangidwira mabatire a LiPo, yomwe imayeza selo iliyonse payokha. Tchaja ya batire la galimoto siyoyenera ngakhale itakhala yokhayo pakhomo. Liwiro lotchajira nalo lili ndi malire: batire la 2200mAh litchajidwe pa 2.2A kapena kucheperapo.

Batire litchajidwe pa simenti kapena mumphika wadothi wopanda madzi, kutali ndi denga la udzu, nkhokwe, matumba a feteleza, petulo ndi zogonera. Litchajidwe pamthunzi, litazizira kaye ndege ikatera, ndipo mwini wake akhale pomwepo. Chizolowezi chosiya tchaja pakhoma magetsi akazima, kuti akabwera usiku ntchito ipitirire anthu ali mtulo, n'choopsa kwambiri pa mabatire amtunduwu.

Batire lotupa ngati chitumbuwa, lotentha modabwitsa kapena lotulutsa fungo lachilendo latha ntchito. Lisatchajidwenso, lisafinyidwe, ndipo lisaboledwe ndi msomali pofuna kutulutsa mpweya. Liikidwe panja mu ndowa yachitsulo ya mchenga, posafika ana. Lisatayidwe m'chimbudzi, padzala kapena pamoto wa zinyalala. Lomwe lagwa limodzi ndi ndege liyang'aniridwe kaye panja, poti limatha kuyaka patapita nthawi. Likayaka, magetsi azimitsidwe posinthira ngati n'kotheka kutero osayandikira, anthu atalikire utsi wake chifukwa ndi wapoizoni, ndipo likwiriridwe ndi mchenga wambiri kuti moto usafalikire. Moto wotere umatha kubukanso ukaoneka ngati wazima.

Batire lomwe likhale masiku angapo osagwira ntchito lisungidwe pa 3.8V pa selo iliyonse, osati lodzaza, pamalo ozizira bwino, osati m'galimoto yoima padzuwa.

Amalonda oitanitsa katunduyu akumbukire kuti paulendo wa pandege mabatire apadera saloledwa m'chikwama chopita kumalo a katundu. Amanyamulidwa m'chikwama cha m'manja, mawaya ake atatsekedwa ndi tepi kuti asakhudzane. Opyola 100Wh amafuna chilolezo cha kampani ya ndege, ndipo opyola 160Wh saloledwa m'katundu wa apaulendo.