Mikeka ya M'mbali mwa Msewu wa ku Chigwa

Zidzukulu zanga, mukatsika phiri la Chikwawa kuchokera ku Blantyre n'kuwoloka mlatho wa Kamuzu, msewu wa M1 umakupititsani pa Nchalo, Ngabu, Bangula, kwathu kuno kwa Tengani, mpaka ku Nsanje ndi ku Marka m'malire a Mozambique. M'mbali mwake mudzaona mikeka ya mlaza, madengu, malichero, miphika, malambe, masawu ndi bwemba. Ambiri amangoti ndi timalonda ta osauka, osadziwa kuti malonda amenewa ndi akale kuposa msewuwo.

Msewu woyamba wa chigwa chino udali mtsinje wa Shire. Mu Januwale 1859, David Livingstone adakwera mtsinjewu pa sitima yotchedwa Ma Robert, ndipo anthu a Mfumu Tengani adamuimitsa kuti ayambe wafotokoza za ulendo wake. Iye adapeza Amang'anja akulima thonje, akuwomba nsalu, akusula makasu ndi kutcheza mchere. Katunduyu ankayenda pa mabwato, ndipo pa dooko ndi pomwe padali msika.

M'chaka cha 1908 njanji ya Shire Highlands Railway idalumikiza Blantyre ndi Nsanje, yomwe atsamunda ankaitcha Port Herald, ndipo mu 1935 mlatho wa Dona Ana pa Zambezi udatsegula njira yopita ku Beira. Malonda adachoka pa dooko n'kupita pa siteshoni, pomwe amayi ankaperekera nsomba zouma ndi mikeka pa mazenera a sitima. Madzi osefukira atadula njanji cha ku Chiromo mu 1997, ogulitsa adatsala ndi msewu wokha.

Pa masamuko onsewa zina zidatayika. Nsalu ndi makasu a ku fakitale zidazimitsa ng'anjo ndi kuthetsa kuwomba nsalu pamanja, moti lero n'kovuta kupeza munthu wodziwa ntchitozo. Kuluka ndi kuumba n'komwe kwatsala, koma mabeseni ndi mikeka ya pulasitiki yayamba kukulanda malo. Mkeka umodzi umafuna kudula mlaza, kuuyanika, kuung'amba, kuluka mizere yaitali ndi kuisoka pamodzi. Imeneyi ndi ntchito ya masiku angapo. Mnyamata akaona amayi ake akunyengereredwa kutsitsa mtengo mpaka kungotaya, sangafune kuphunzira lusolo.

Choncho mukamadutsa, imitsani galimoto. Tsikani, mupereke moni mwaulemu, musagulire pa zenera ngati mukuthawa nkhondo. Funsani kumene mlaza udadulidwa, kumene dongo lidakumbidwa, ndi amene adawaphunzitsa ntchitoyo. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Mukamva yankho lawo, mtengo wa mkekawo simudzauonanso ngati wokwera, ndipo ndalama yanu idzathandiza kuti chaka chamawa mlaza ulukidwenso.