Ki, chakra ndi chigoba cha kamba

Mu Marichi 2018 anthu miyandamiyanda anadzaza mabwalo a m'mizinda ya ku Mexico, kuphatikizapo Ciudad Juárez, kudzaonera katuni. Goku ankamenyana ndi Jiren m'magawo omaliza a Dragon Ball Super, ndipo pakati pa okuwawo panali akuluakulu ambiri amene anakula akumuonera Goku. Chimene chimakokera munthu wandevu zake ku katuni chimaoneka bwino m'mawu amene okonda nkhanizi amalankhula.

Ku Japan nkhani yojambula m'buku amaitcha manga, ikafika pa kanema imakhala anime. Zimene amalembera anyamata amazitcha shonen, ndipo magazini yake yotchuka ndi Weekly Shonen Jump. M'menemo ndi mmene Akira Toriyama anayambira Dragon Ball mu 1984. Goku anamutenga kwa Sun Wukong, nyani wa m'buku lakale la ku China la Journey to the West, pomwe kamenyedwe kosakaniza nthabwala anakaonera kwa Jackie Chan mu filimu ya Drunken Master ya mu 1978.

Mawu oyamba amene mwana amagwira ndi ki. Ku China amati qi, ndipo madokotala a makolo ndi aphunzitsi a kung fu akhala akuwatchula kwa zaka mazana ambiri potanthauza mpweya kapena mphamvu ya moyo yoyenda m'thupi. Toriyama anangoipanga kuti izioneka ndi maso. Goku akasonkhanitsa ki m'zikhatho n'kuiponya, ndiye Kamehameha ija, dzina limene likufanana ndi la mfumu ya ku Hawaii. Mwana akaona kuwalako basi wakhutira, mawa lake akuyeserera pabwalo la sukulu.

Wamkulu amakopeka ndi mawu ena, shugyo, kudzisautsa pophunzira luso. Apa m'pamene pagona mtima wa nkhanizi. Goku ndi mnzake Krillin atapita kwa Master Roshi kuti awaphunzitse kumenya, nkhalambayo sinawaonetse nkhonya. M'bandakucha ankathamanga kugawa mkaka m'makomo, kukwera mapiri ndi kuwoloka mitsinje. Akatero ankalima munda ndi manja opanda khasu, kenako kuwerenga mabuku, kugona pang'ono masana, kugwira ntchito ya zomangamanga, ndi kuzinda njuchi atamangidwa chingwe ku mtengo. Zonsezi ankachita atabereka chigoba cha kamba cha makilogalamu 20, chimene pambuyo pake chinafika 40. Mpikisano wa ndewu utayandikira, atavula zigobazo n'kuyesa kudumpha, anangozindikira ali m'mwamba kwambiri. Ndipo Roshi analowa yekha mumpikisanowo atadzibisa ndi dzina loti Jackie Chun, n'cholinga choti awagonjetse, kuopa kuti angayambe matama n'kuleka kuphunzira. Munthu amene analerapo mwana kapena kuphunzitsapo wina ntchito ya manja amamumvetsa mkuluyu popanda womufotokozera. Mphunzitsi wa m'nkhanizi, sensei ku Japan kapena shifu ku China, ndi kholo lachiwiri.

Naruto, manga ya Masashi Kishimoto, inatuluka kuyambira 1999 mpaka 2014 m'mabuku 72, ndipo mphamvu ija inaitcha chakra, mawu a chinenero cha Sanskrit otanthauza gudumu. Luso lililonse ndi jutsu. Pali ninjutsu, zodabwitsa monga kulavula moto. Pali genjutsu, yophimba mdani m'maso kuti aone zimene kulibe. Ndiye pali taijutsu, nkhonya ndi mateche chabe.

Kusiyana kumeneku n'kumene kunabala Rock Lee, mnyamata wosatha ninjutsu ngakhale genjutsu. Pa mayeso okwerera udindo wa chunin anakumana ndi Gaara, amene mchenga unkamutchinga wokha iye atangopinda manja. Mphunzitsi wake Might Guy atamuloleza, Lee anamasula zitsulo zimene ankamanga m'miyendo. Zinkaoneka zazing'ono, koma zitagwa pansi zinaswa simenti, fumbi kobo. Lee anathamanga mosaoneka, nkhonya yake n'kumufika Gaara. Komabe anagonja, mkono ndi mwendo wa kumanzere zitaphwanyidwa. Kishimoto anachita bwino kusamupatsa chipambano, chifukwa wamkulu amadziwa kuti khama sililipira nthawi zonse, ndipo nkhani yovomereza zimenezi amaikhulupirira. Pamene makatuniwa amafooka m'pamene asiya thukuta n'kuyamba kuwerenga manambala, monga Dragon Ball Z inkachitira ndi kagalasi kotchedwa scouter koyezera mphamvu za mdani. Nambala ikangokwera popanda woonera kuona mmene yakwerera, ndewu imasanduka phokoso.

A ku America nawo anatengera. Avatar: The Last Airbender, imene inaonetsedwa pa Nickelodeon kuyambira 2005 mpaka 2008, inalemba katswiri wa kung fu, Sifu Kisu, kuti ojambula aziona mayendedwe enieni a thupi. M'katuniyi, olamulira madzi amayenda mofewa motsatira Tai Chi, a nthaka amaponda molimba mwa Hung Gar, a moto amaponya miyendo mwa Northern Shaolin, ndipo a mphepo amazungulira mdani mwa Baguazhang. N'chifukwa chake Aang, wolamulira mphepo amene anakula akuzinda ndi kuzungulira, anavutika kwambiri pamene Toph, wolamulira nthaka, ankamuphunzitsa kuima nji kutsogolo kwa thanthwe likugubuduka.