Tuzithunzi twa pa Macintosh tunayambila m'buku la tumabokosi

Tikafuna kutsegula pulogilamu pa laputopu, sitilemba dzina lake. Timangodiniza kacithunzi. Tinazolowela kwambili moti timaiwala kuti munthu wina anacita kukhala pansi n'kukajambula.

Amene anayamba kuchula tuzithunzi utu kuti ma icon ni David Canfield Smith, mu 1975, ali pa yunivesiti ya Stanford ku America. Pambuyo pake anagwila nchito ku Xerox, ndipo mu 1981 kampaniyo inatulutsa kompyuta yochedwa Star, ya tuzithunzi twa mapepala, mafoda na pulinta. Vuto linali mtengo: imodzi cabe inali madola oposa 16,000. Anthu wamba sanaigwileko.

Tuzithunzi tumene anthu anatukonda tunabwela na Macintosh ya Apple mu 1984. Anatujambula ni Susan Kare, amene anaphunzila za luso la zojambula, osati za makompyuta. Mnzake wa ku sekondale, Andy Hertzfeld, atamupempha thandizo, iye anagula buku la tumabokosi, monga mabuku aja tinali kucitilamo masamu ku pulaimale. Kabokosi kalikonse kanali kuimila kadontho kamodzi pa sikilini. Malo anali 32 m'litali na 32 m'lifupi, kutanthauza tumadontho 1,024, twakuda kapena toyela basi. M'kamalo kakang'ono aka anakwanitsa kuikamo kompyuta yomwetulila, wochi youza munthu kuti ayembekeze, na bomba loonetsa kuti makina asokonezeka. Kwa ise, nchitoyo ikali kupambana tuzithunzi tambili tonyezimila twa masiku ano, cifukwa ukangoyang'ana wamva kale.

Nanga ise ogwilitsa nchito tinayamba liti kusintha tuzithunzi tokha? Pa Mac, System 7 ya mu 1991 inalola munthu kukopa cithunzi n'kucimata pa windo ya Get Info, ndipo njila imeneyi isebenza mpaka lelo. Pa Windows timapita ku Properties ya shortcut n'kusankha Change Icon. Koma kampani iliyonse inayenda njila yake. Microsoft inasankha fayilo ya .ico, Apple ya .icns. Ndiye cifukwa cake logo imene wapangila ka bizinesi ka mnzako ingaoneke bwino pa makina ako koma n'kukana pa ake.

Ku Linux zinthu zili poyela. Pali kafayilo ka mawu cabe kothela na .desktop, ndipo mkati muli mzele woyamba na Icon=. Ukalembapo kumene kuli cithunzi cako ca PNG kapena SVG, watsiliza. (Ubuntu, Linux yochuka ija imene inatuluka mu 2004, dzina lake ni liwu limodzimodzi na umunthu wathu.)

Kukula kwa tuzithunzi kunapitiliza: Windows Vista inafika pa 256, ndipo Mac pofika 2011 inali pa 1,024 mbali iliyonse. Olo n'telo, vuto la Kare silinathe. Fayilo ya .ico kapena .icns imasunga zithunzi zingapo za masaizi osiyana, mpaka ka 16 kamene timaona pafupi na dzina la fayilo. Ukangocepetsa logo yaikulu kufika apo, imasanduka phala. Conco akatswili amajambulanso kakang'onoko pa kokha, kadontho na kadontho.