Achinyamata Aulumali pa Masewero a Region 5

Masewero a achinyamata a kumwera kwa Africa, omwe lero amatchedwa Region 5 Youth Games, anayambira ku Mozambique mu 2004, pa nthawi imene chigawochi chinkadziwika kuti Zone VI. Amasonkhanitsa mayiko 10, kuphatikizapo Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, ndipo mayikowo amalandirana kuchititsa. Lusaka anachititsa mu 2012, Bulawayo mu 2014, Gaborone mu 2018. Aku Lesotho anayenera kuchitika mu 2020 koma mliri wa Covid-19 unawakankhira ku Disembala 2021. Patangotha chaka, mu Disembala 2022, alendo anafika ku Lilongwe, ndipo mipikisano yothamanga inachitikira pa Bingu National Stadium.

Pakati pa mpira wa miyendo, wa manja, nkhonya ndi kusambira, panali gawo limodzi la achinyamata aulumali: liwiro la amene ali ndi vuto la kuona. Othamangawa amagawidwa patatu. A T13 amaonako pang'ono ndipo amathamanga okha. A T12 amasankha kukhala ndi wowatsogolera kapena ayi. A T11 amavala chophimba kumaso kuti pasakhale woposa mnzake, ndipo aliyense amagwirana kachingwe kakafupi ndi womutsogolera. Awiriwo amapatsidwa mizere iwiri, amaponya miyendo nthawi imodzi, wotsogolerayo akunena za pokhota ndi mtunda wotsala. Saloledwa kukoka mnzakeyo kapena kumutsogola pa mzere womalizira. Luso lotere silibwera ndi kukonzekera kwa sabata imodzi, ndipo limafuna kuti dziko lilipirire anthu awiri pa malo a mmodzi.

Nkhani ya ndalamayi ndi imene yakhala ikupunthwitsa Malawi. Mu 2012 dzikoli linayenera kuonekera koyamba pa Paralympics ku London, koma othamanga ake awiri osaona sanapite chifukwa ndalama zinasowa. Khomolo linatsekuka mu 2016 ku Rio de Janeiro, kumene Taonere Banda anathamanga mamita 1,500 m'gulu la T13. Anabwereranso ku mpikisanowu ku Tokyo.

Njira yopita ku masewero otere imayambira pa sukulu. Boma la Mzimba lili ndi sukulu ziwiri zodziwika za ana aulumali, zonse za Sinodi ya Livingstonia. Ya osaona ili kumpoto, ku Ekwendeni. Ya osamva ili ku Embangweni, kumene wochokera ku Lilongwe amafikako atasiya msewu wa M1 pa Jenda. 

Mwana wa ku Ekwendeni ali ndi njira, ngakhale yopapatiza, yochoka pabwalo la sukulu kukafika ku Region 5. Wa ku Embangweni njira yake ndi ina. Kusamva sikuli m'magulu a Paralympics. Osamva ali ndi mpikisano wawo, Deaflympics, womwe unayamba ku Paris mu 1924. Kumeneko liwiro limayambitsidwa ndi kuwala kwa getsi m'malo mwa kulira kwa mfuti, ndipo pa mpira woyimbira amakweza mbendera m'malo moliza wezulo. Zosowa zawo n'zochepa, koma ku Lilongwe mu 2022 kunalibe gawo lawo, ndipo kumeneku kunali kuwamana ana amene miyendo yawo ili ndi mphamvu ngati ya wina aliyense.