Ambuye Milingo ndi Mlandu wa Mashawe

Ine ndilankhula nanu kucokera kuno ku Kalikiliki, kufupi ndi Mtendere. Lero ndifuna kukusimbirani mbiri ya munthu amene dzina lace lidziwika kwa akulu onse, ndiwo a Emmanuel Milingo, amene anali Arkiepiskopi wa Eklezia Katolika mu Lusaka. Mukachula dzinali pakati pa anyamata, ambiri angoseka, popeza cimene anamva ndi ukwati wa mu 2001, pamene mkulu wa ansembe anakwatira mkazi wa ku Korea. Koma mlandu wa a Milingo ndi akulu a Eklezia unayamba zaka 28 ukwatiwo usanacitike. Unayamba ndi mai mmodzi wodwala, ndipo ukhudza ife tonse okhala m'makomboni.

Mbusa wa ng'ombe

A Milingo anabadwa pa 13 June 1930 kwa Mnukwa, kufupi ndi Fort Jameson, kumene lero ticha Chipata. Iwo ndi Mngoni wa kwa Mpezeni, ndipo monga anyamata onse a Cingoni anakulira kubusa, kuweta ng'ombe. Kufikira zaka 12 sanadziwe kuwerenga ngakhale kulemba. Mu 1942 analowa sukulu ya mishoni ya St Mary's, napitirira ku seminale ya ku Kasina m'dziko la Nyasaland, ndi pambuyo pace ku seminale yaikuru ya ku Kachebere, pa malire a maiko awiriwa. Anadzozedwa unsembe mu August 1958. Akulu ao poona nzeru zao anawatumiza ku Rome ndi ku Dublin kukaonjezera maphunziro.

Atabwerako anagwira nchito ku Chipata, ndipo mu 1966 anaitanidwa ku Lusaka kuti ayang'anire zofalitsa mau za maepiskopi. Pamenepo liu lao linayamba kumveka pa wailesi, ndipo anthu analikonda. Anayambitsanso bungwe la Zambia Helpers Society, lothandiza odwala ndi osauka m'makomboni kumene kunalibe zipatala. Tsono wansembe ameneyu anadziwa fumbi ndi matope a m'misewu yathu asanabvale cisoti ca uepiskopi.

Mu 1969 Arkiepiskopi Adam Kozłowiecki, Mjezwiti wa ku Poland amene anapulumuka m'ndende za Hitler ku Auschwitz ndi ku Dachau, anatula udindo wace kuti mwana wa dziko lino akhale pampando. Papa Paulo VI anasankha a Milingo, nawadzoza ndi manja ace ku Kampala pa 1 August 1969, ali ndi zaka 39. Umenewo unali ulendo woyamba wa Papa mu Afrika. Pa ulendo womwewo Papa analimbikitsa maepiskopi kuti Cikristu cimere mizu m'nthaka ya Afrika ndi kukhala ndi nkhope ya eni dziko. Sungani mau amenewa, pakuti a Milingo anawatenga ndi mtima wonse, ndipo mpungwepungwe wonse unacokera pa kutanthauzira kwace.

Mzinda wodzala ndi alendo

Kodi Lusaka anali wotani masiku amenewo? Ufulu utabwera mu 1964, malamulo oletsa anthu kulowa m'tauni anatha, ndipo anthu anakhamukira kuno ngati ngumbi mvula itagwa. Kalembera wa mu 1969 anapeza anthu oposa 260,000 mu Lusaka. Pofika 1980 anapitirira 500,000. Nyumba za Kanselo sizinakwane. Kanyama, Chawama, George ndi Kalingalinga anatupa ndi nyumba za zidina ndi malata akale. Mu 1975 mtengo wa kopa unagwa, ndipo inu a ku migodi mudziwa bwino cimene cinatsatira: nchito kusowa, ndalama kucepa mphamvu, mizere yaitali pa sitolo.

Munthu wocoka kumudzi anasiya ankhoswe, anasiya kacisi wa makolo, anasiya azakhali omulangiza. Matenda akamgwira, kapena mwana akamwalira, kapena mkazi akakhala wosabala, analibe womfotokozera cifukwa cace. Ambiri, makamaka amai, anagwidwa ndi bvuto limene ticha mashawe, ndiko kugwidwa ndi mizimu yacilendo. Akapita kucipatala, dotolo sanapeze nthenda. Akapita kwa bambo mfumu wa parishi, kawirikawiri anauzidwa kuti zimenezo nzacikunja, aiwale. Cotero Mkristu anakhala ndi njira ziwiri: Lamulungu m'mawa ku Misa, usiku kwa sing'anga mobisa.

Mai wa mu 1973

M'mwezi wa April 1973 kunafika mai wina kwa Arkiepiskopi. Monga anasimba a Milingo eni ace, maiyo anabvutika miyezi ingapo. Analeka kudya, anali kumva mau a anthu osaoneka, ndipo anali kuopa mwana wace yemwe. Anamlapitsa, namcitira Misa, koma sizinathandize. Tsiku lina anamuyang'ana m'maso, nampempherera, ndipo maiyo anagona tulo tatikuru. Podzuka anali bwino, nayamba kudya. A Milingo anakhulupirira kuti Mulungu wawapatsa mphatso ya kuciritsa.

Mbiri inafala ngati moto wa m'chire. Anthu anayamba kudza m'mazana, pambuyo pace m'zikwi, Akatolika ndi a mipingo yina, osauka ndi a maofesi omwe. Makalata anali kufika kucokera m'dziko lonse. Pa mapemphero ao anthu anali kulira, kugwa pansi, kupfuula, ndipo Arkiepiskopi anali kulamula mizimu kuti icoke m'dzina la Yesu, nadalitsa madzi ndi mafuta.

Tisaganize kuti anali kungocita popanda ciphunzitso. A Milingo analemba maganizo ao m'timabuku tambiri, ndipo ena a maganizowo anasonkhanitsidwa m'buku lochedwa The World in Between, limene linasindikizidwa mu 1984. Mutu wa ciphunzitso cao unali uwu: pakati pa Mulungu ndi anthu pali dziko la mizimu, yabwino ndi yoipa, ndipo makolo athu sananame pamene anati dzikolo liripo. Amishoni, iwo anati, analakwa pakukana zimenezi, cifukwa kukana sikucotsa mantha a munthu. Cofunika ndi kuonetsa kuti Kristu ali ndi mphamvu yoposa mizimu yonse, ndi kuti Iye anatuma ophunzira ace kukalalikira pamodzi ndi kuciritsa odwala. Eklezia akaleka nchito imeneyo, ndiye kuti yekha apitikitsira ana ace kwa asing'anga.

Mau a otsutsa

Tsopano timvenso mbali yina, pakuti woweruza wabwino samva mnena mmodzi. Ansembe ambiri a mu Lusaka, makamaka amishoni a ku Ulaya, pamodzi ndi maepiskopi anzao a ciAfrika, anada nkhawa. Ena anati Arkiepiskopi asakaniza Cikristu ndi using'anga. Ena anati pakuona mizimu paliponse akulitsa mantha m'malo mwa kuwacepetsa, ndipo wodwala misala kapena khunyu adzacedwa kupita kucipatala. Enanso anati nyumba ya Arkiepiskopi yasanduka cipatala, ndipo nchito yoyendetsa dayosizi yagona. Panalinso mantha akale: dziko lino linali litaona kale mpingo wa Lumpa wa Alice Lenshina, ndi mwazi umene unakhetsedwa mu 1964, ndiponso Emilio Mulolani amene anapatuka kwa Akatolika m'zaka za m'ma 1950. Akulu anaopa kuti gulu lotsata munthu mmodzi lingang'ambe Eklezia.

Zina mwa nkhawazi zinali ndi maziko, ndipo sitiyenera kuzinyoza. Koma taonani cimene cinasowa: otsutsawo anadziwa cimene anafuna kuletsa, koma analibe cina coika m'manja mwa mai wodwala uja.

Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 maepiskopi a m'Zambia anauza a Milingo kuti aleke mapemphero a kuciritsa a poyera. Anayesa kumvera, koma odwala sanaleke kugogoda pakhomo pao, ndipo iwo anati sangathe kuwabweza. Rome anatuma Kardinala Maurice Otunga wa ku Nairobi kudzafufuza. Mu April 1982 a Milingo anaitanidwa ku Rome. Kumeneko anakhala nthawi yoposa caka ali kudikira, napimidwa ndi madotolo, a thupi ndi a maganizo omwe. Kuno kwathu Akristu ambiri anadandaula kwambiri, nafunsa kuti mbusa wao walakwanji. Mu August 1983 anatula udindo wao wa Lusaka, ndipo Papa Yohane Paulo II anawapatsa nchito m'bungwe la ku Vatican loyang'anira anthu osamuka ndi apaulendo. Mu 1984 mpando wa Lusaka unapatsidwa kwa a Adrian Mung'andu.

Ku Ulaya

Apa pali cinthu codabwitsa. Kunanenedwa kuti za mizimu ndi mbuli za anthu akuda. Koma a Milingo atayamba kupempherera odwala ku Italy, Azungu anadza m'zikwi monga momwe anacitira anthu a ku Matero ndi ku Chawama. Kumenekonso maepiskopi ena, pamodzi ndi Kardinala Martini wa ku Milan, anawaletsa kucita mapempherowo m'madayosizi ao. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anali atacotsedwa pa nchito yao ya ku Vatican. Mu 2000 ofesi yoyang'anira ciphunzitso, imene mkulu wace anali Kardinala Joseph Ratzinger, inaturutsa malangizo a mapemphero a kuciritsa: inawabvomereza, koma inawaika pansi pa ulamuliro wa episkopi wa pamalopo.

Munthu amene anazolowera makamu anakhala yekha, wokalamba, kutali ndi kwao. Pa 27 May 2001, ali ndi zaka 70, anakwatira Maria Sung ku New York, ndipo wodalitsa ukwatiwo anali Sun Myung Moon, mtsogoleri wa Unification Church. Mu August caka comweco anaonana ndi Papa Yohane Paulo II, nabvomera kusiya mkaziyo ndi kubwerera. Maria Sung anadzimana cakudya masiku ambiri mu Rome, kufuna kuonana ndi mwamuna wace. A Milingo anakhala cete zaka zingapo. Koma mu July 2006 anaturukira ku Washington, nayambitsa gulu lofuna kuti ansembe okwatira abwezedwe pa nchito. Anakumbutsa anthu kuti Petro Woyera anali ndi mpongozi, ndi kuti m'mipingo ya Kum'mawa yomvera Papa muli ansembe a pabanja. Pa 24 September 2006 anadzoza amuna anai okwatira kukhala maepiskopi popanda cilolezo ca Papa. Mwa lamulo la Eklezia wocita zotere adzicotsa yekha mu mpingo, ndipo Vatican inalengeza cotero patapita masiku awiri. Papa wa nthawiyo anali Ratzinger yemwe uja, Benedikto XVI. Mu December 2009 analandidwa udindo wonse wa unsembe.

Milandu iwiri

Abale anga, pano pali milandu iwiri, ndipo tisaiphatikize. Waciwiri, wa ukwati ndi kudzoza maepiskopi, a Milingo analowamo maso ali openya, podziwa lamulo ndi lumbiro lao. Ngakhale funso la ansembe okwatira liri loyenera kukambidwa, njira imene anatsata inapweteka ambiri amene anawakonda, makamaka masisitere a Daughters of the Redeemer, cipani cimene iwo eni anayambitsa. Inapatsanso adani ao mpata wakunena kuti, "Suja tinanena?"

Koma mlandu woyamba sunali wa munthu mmodzi. Unali wa mai wa m'komboni amene afunsa kuti, "Ndabvutika, ndipite kwa yani?" Kucotsa Arkiepiskopi mu Lusaka sikunayankhe funso limeneli. Njobvu zikamenyana ubvutika ndi udzu. Anthu amene anali kudza kwa a Milingo sanacire cifukwa cakuti iwo anapita ku Rome. Anangofuna khomo lina. M'zaka zotsatira, makamaka Pulezidenti Chiluba atalengeza mu December 1991 kuti Zambia ndi dziko la Cikristu, mipingo ya Pentekoste inacuruka kwambiri. Yendani Lamulungu kuno ku Kalikiliki kapena ku Mtendere, mudzamva mapemphero oturutsa ziwanda m'makalasi a sukulu ndi m'zisakasa. Ena a abusawo ndi anthu oona. Ena afuna ndalama za wodwala, ndipo palibe mkulu wowafunsa. Ndi m'maparishi a Katolika momwe magulu a Karizimatiki apempherera odwala, cinthu cimene cinali cobvuta kucibvomereza mu 1973.

Phunziro lace ndi ili. Mphatso yopanda woilangiza isokera, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ulamuliro umene udziwa kuletsa kokha, osamva kulira kwa anthu, utaya nkhosa zace. A Milingo ndi akulu ao anafunana, koma anasowana, ndipo olipira anali osauka. Akale anati mlandu suola. Uwu ukali pabwalo, ndipo tsopano oweruza ndife: pamene mnansi wathu agwidwa ndi bvuto losadziwika, timperekeze kucipatala, timpempherere, ndipo tisamseke kapena kumdyera.